Thanki ya thiraki ikayamba kudontha panjira

Pa tsiku lachikondwerero ngati lino timakonda kukamba za masheya ndi chiwongoladzanja, koma lero tikambeko za dizilo. Katundu wathu wochokera ku Johannesburg, Beira kapena Dar es Salaam amabwera pa thiraki. Ena mwa ife timachita hayala, ena tinasonkherana n'kugula yathu. Dalaivala akaimba foni ali pakati pa Nyamapanda ndi Tete kuti thanki ikudontha, ndalama zimene zikutayika pansipo ndi zathu, choncho tiyenera kudziwa zomuuza.

Kadontho kamodzi pa sekondi kamataya malita 3 kapena 4 pa tsiku, ndipo mng'alu umakula galimoto ikamagwedezeka m'maenje. Choopsa kwambiri ndi moto. Mu November 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thankala ya mafuta inaphulika anthu atakhamukirapo ndi zigubu, ndipo oposa 70 anafa. N'zoona kuti dizilo sagwira moto msanga ngati petulo, komabe akagwera pa ekizozi yotentha amayaka. Tsono dalaivala ayambe waimika galimoto kunja kwa msewu, azimitse injini, adule magetsi a batire, aike zizindikiro zofiira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Pasapezeke wosuta fodya kapena mbaula, ndipo anthu a zigubu awauze atalikire.

Kenako ailekanitse thanki yodonthayo ndi inzake. Mathiraki ambiri a maulendo ataliatali ali ndi matanki awiri, uku ndi uku, ndipo ambiri amalumikizana ndi paipi yodutsa pansi. Paipiyo ikasiyidwa yotsegula, mafuta a thanki yabwino amatsetserekera mu yobookayo mpaka zonse ziwiri kuuma. Atseke vavu ya paipiyo, ndipo ngati palibe vavu aichotse n'kutseka pakamwa pake. Asaiwale paipi yobweza. Injini ya dizilo siwotcha mafuta onse amene yakoka, otsala amabwerera ku thanki. Paipi yokoka ndi yobweza zonse zilunjike ku thanki yabwino, apo ayi injiniyo izidzadzanso yobookayo ili m'njira. Ngati sakudziwa kayendedwe ka mapaipi a galimotoyo, afunse makaniko pa foni asanadule kanthu.

Mafuta otsala awasamutsire mu thanki yabwino kapena m'migolo pogwiritsa ntchito pampu yamanja. Kukoka ndi pakamwa ayi, chifukwa dizilo akalowa m'mapapo amavulaza koopsa. Otayika pansi awatchinge ndi mchenga kuti asalowe m'ngalande kapena mumtsinje umene anthu amatungamo.

Akatero afufuze podonthapo. Kawirikawiri pamakhala pansi pa malamba omangira thanki, pamene labala yatha ndipo chitsulo chikukhulana ndi chitsulo, kapena pa msoko wowotcherera, polumikizira paipi, ngakhalenso pamene mwala wamenya. Kabowo kakang'ono kamamatika ndi phala louma msanga la mtundu wa Pratley, bola pamalopo pauma, papalidwa ndi sandipepa ndipo palibe mafuta. Sopo wamtanda, amene madalaivala amamukhulupirira, amangothandiza kufika pa tauni yapafupi. Zonsezi n'zongoyembekezera. Tikumbukirenso kuti thanki imodzi imafupikitsa ulendo, ndiye dalaivala afunika ndalama yothirira mafuta panjira, ya dziko limene ali.

Pali chimodzi chimene tiyenera kukana ngakhale katundu akuchedwa: kuwotcherera thanki m'mbali mwa msewu. Thanki yopanda mafuta imakhala yodzaza mpweya wa mafutawo, ndipo ikatentha imaphulika. Kukonza kwenikweni n'kuitsitsa, kuikhuthula, kuitsuka ndi nthunzi yotentha mpaka fungo litatha, ndipo pamenepo n'kuiwotcherera. Ya aluminiyamu imafuna mmisiri wa makina ake, osati wa mageti ndi mafelemu a mawindo. Ikatha aiyese ndi mpweya pang'ono ndi madzi a sopo kuti aone ngati pakutuluka thovu. Poibwezera aike labala yatsopano m'malamba, asinthe fyuluta ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi. Imene yadyeka ndi dzimbiri malo ambiri ndi yogula ina basi.

Pempho lathu ku magulu onse ndi ili. M'thumba la zadzidzidzi tipatule kangachepe ka mavuto a panjira, kuti dalaivala asathamangire zotchipa zoika moyo pachiswe. Galimoto isananyamuke, mmodzi wa ife aizungulire, asuzumire pansi pa matanki ndi pa malamba. Ndipo tisanalipire hayala, tigwirizane ndi mwini galimoto molemba kuti mafuta akatayika alipira ndani.