Chidule cha Khutba ya Jumu'ah: Werengani Masiku Anu Musanapite Kumudzi

Khutba iyi idaperekedwa kwa Asilamu ochokera ku Malawi amene akukhala ku Britain. Tayilemba mwachidule kuti ifike kwa abale ndi alongo amene adali pa ntchito tsiku limeneli.

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, amene adatambasula dziko kuti akapolo Ake ayendemo ndi kufunafuna riziki lawo. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Palibe mwa ife amene sadziwa foni yolira pakati pa usiku. Mawu ake ndi akuti mayi agonekedwa m'chipatala ku Mangochi, kapena bambo atisiya ku Machinga. Munthu amagula tikiti m'mawa mwake, nauza anzake kuti abwera pakatha milungu itatu. Akafika kumudzi apeza kuti matenda akula, nyumba imene adayamba kumanga ikudikira denga mvula isanagwe, ndipo nkhani ya munda ili kwa amfumu. Milungu isanduka miyezi. Nthawi yonseyi masiku ake akuwerengedwa kuno, ndipo chilolezo chimene adachivutikira zaka zambiri chikhoza kutha mphamvu iye ali chikhalire pakhonde la mayi ake.

Wina angafunse kuti nkhani ya mapepala ikufuna chiyani pa mimbari. Yankho ndi lakuti viza ndi pangano. Boma lidatitsekulira khomo ndi kuteteza moyo wathu ndi chuma chathu, ifenso tidasaina kuti tidzatsata zimene tidagwirizana. Surat Al-Maida imayamba ndi lamulo lakuti okhulupirira akwaniritse mapangano, ndipo Surat Al-Isra, imene imatilamula kuchitira zabwino makolo, imatichenjezanso kuti lonjezo lidzafunsidwa. Maswahaba amene adasamukira ku Habasha m'chaka cha 615 adakhala pansi pa chitetezo cha mfumu Najashi, amene panthawiyo adali Mkhristu, ndipo adakhala mwamtendere ndi mokhulupirika m'dziko la eni. Choncho kusamala makolo ndi udindo, kusunga pangano ndi udindonso, ndipo Msilamu wanzeru amakonza ulendo wake kuti asagwetse umodzi ponyamula unzake.

Tiyambe ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika, chimene eni dziko amachitcha Indefinite Leave to Remain. Dzinali lanamiza ambiri. Chilolezochi chilibe tsiku lothera malinga ngati munthu akukhala kuno, koma lamulo la chaka cha 2000 limanena kuti amene wakhala kunja zaka ziwiri zathunthu n'kupitirira, osabwererako, chilolezo chake chimatha chokha. Palibe kalata yochenjeza imene imabwera ku Namwera kapena ku Nkhotakota. Ambiri amadziwira pa bwalo la ndege, katundu ali m'manja. Amene adakhazikika kudzera mu EU Settlement Scheme malire awo ndi zaka 5, koma ambiri mwa ife lamulo lathu ndi la zaka ziwiri.

Amene zamuchitikira zotere njira yake ndi kupempha viza yotchedwa Returning Resident akadali kunja komweko. Ayenera kulipira ndalama, kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB popeza Malawi ali pa mndandanda wa mayiko ofunika kutero, ndi kusonyeza kuti mizu yake ikadali ku Britain: zaka zimene adakhala kuno, abale amene ali kuno, ndi chifukwa chimene chidamuchedwetsa. Pempho lotere likhoza kuvomerezedwa, likhozanso kukanidwa. Madzi akatayika saoleka. Kubwerera mwezi wa 20 n'kopepuka kusiyana ndi kudandaula mwezi wa 25.

Gulu lachiwiri ndi la amene adabwera pa viza ya ntchito, monga Skilled Worker ndi Health and Care Worker, ndipo akuwerengera zaka kuti adzakhazikike. Kwa inu chingwe n'chachifupi kwambiri. Simuyenera kukhala kunja masiku opitirira 180 m'miyezi 12 iliyonse. Mvetsetsani bwino mawu akuti iliyonse. Kuyambira pa 11 Januwale 2018, miyezi 12 imeneyi siyambira mu Januwale n'kuthera mu Disembala. Imawerengedwa kuchokera tsiku lina lililonse. Tinene kuti mlongo wathu, amene adabwera pa viza yotsatira mwamuna wake, wakhala kumudzi kuyambira Okutobala mpaka kutha kwa Disembala, masiku pafupifupi 90. Wabwera, kenako wapitanso mu Febuluwale mpaka kutha kwa Meyi, masiku pafupifupi 120. Iye akuti maulendowa ndi a zaka ziwiri zosiyana. Koma kuchokera Okutobala kufika Meyi ndi miyezi 8 yokha, ndipo masiku ake akwana 210. Zaka zimene ankawerengera zaduka. Tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera saliwerengera, koma musamange nyumba pa masiku awiri amenewa.

Lamulo lili ndi chifundo chake. Masiku amene munthu wachedwa chifukwa cha matenda oika moyo pachiswe, ake kapena a m'bale wapafupi, chifukwa cha imfa ya m'bale wotere, kapena chifukwa maulendo adaima kaamba ka mliri, nkhondo kapena ngozi zogwa mwadzidzidzi, akhoza kusawerengedwa. Koma chifundo chimenechi chimafuna umboni. Tengani kalata ya dokotala yokhala ndi chidindo ndi masiku, tengani chikalata cha imfa, musanachoke kumudzi. Pakapita zaka zitatu dokotalayo adzakhala atasamutsidwa ndipo fayilo idzavuta kupeza.

Palinso mbali ya olemba ntchito. Kampani imene idakuimirirani pa viza imakakamizidwa kudziwitsa Home Office ngati mwajomba popanda chilolezo masiku a ntchito opitirira 10 otsatizana. Ngati mwakhala pa tchuthi chosalipidwa kupitirira milungu 4 m'chaka chimodzi, iyenera kusiya kukuimirirani, kupatula pa zifukwa zochepa monga tchuthi cha uchembere ndi matenda anu. Choncho munthu akhoza kukhala kutali ndi malire a masiku 180 koma n'kutaya viza chifukwa cha milungu 6 imene sadaikonze ndi abwana ake. Musanyamuke ndi chilolezo cha pakamwa. Chikhale cholembedwa, ndipo zinthu zikasintha muli kumudzi lembaninso tsiku lomwelo.

Zina ziwiri zimagwetsa anthu. Choyamba, pempho lowonjezera viza limaperekedwa munthu ali m'dziko muno viza yakale isanathe. Chachiwiri, amene wapereka pempho n'kutuluka m'dziko yankho lisanabwere, kupatula kupita ku Ireland, Channel Islands kapena Isle of Man, pempho lake limatengedwa ngati walichotsa yekha. Uthenga wa maliro ukakupezani muli pa nyengo yotere, funsani wodziwa malamulo musanagule tikiti, ngakhale mtima ukuwawa.

Tikumbukirenso kuti makhadi a BRP ambiri adatha pa 31 Disembala 2024, ndipo chilolezo tsopano chimasungidwa pa intaneti monga eVisa, cholumikizidwa ndi pasipoti yanu. Mukatenga pasipoti yatsopano ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ilembetseni mu akaunti yanu ya UKVI musanapite kokwera ndege, chifukwa a ndege amafufuza chilolezo chanu pogwiritsa ntchito nambala ya pasipoti. Ndipo musasiye kukonzetsa pasipoti mpaka sabata yomaliza. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu ingapo ku Malawi, ndipo amene adali ndi maulendo adasowa pogwira.

Ndikunena mawu angawa ndi kupempha Allah kuti atikhululukire ine ndi inu. Mupempheni chikhululuko, ndithu Iye ndi Wokhululuka.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki Wake.

Akapolo a Allah, munthu akazindikira kuti masiku amupitirira, Shaitani amabwera ndi malangizo. Amati pali wina amene angabweze tsiku la chidindo m'pasipoti ukamupatsa kangachepe. Amati pali wina amene angalembe kalata ya chipatala ya matenda amene kudalibe. Opani Allah pa zimenezi. Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adatemberera wopereka chiphuphu ndi wolandira yemwe, ndipo umboni wabodza adauika m'gulu la machimo akuluakulu. Pa dziko panonso mphotho yake ndi yowawa: amene wapezeka kuti adanama pa pempho la viza akhoza kuletsedwa kulowa m'dziko muno zaka 10. Britain sadinda pasipoti munthu akamatuluka, koma kuyambira mu 2015 maulendo otuluka amalembedwa pa makompyuta. Bodza limene lapulumutsa munthu mmodzi lero limachititsa kuti Mmalawi aliyense wobwera pambuyo pake akayikiridwe.

Ena amati riziki lili m'manja mwa Allah, ngati kudalembedwa kuti ndibwerera ndibwerera. N'zoona kuti palibe chochitika popanda chifuniro Chake. Koma munthu wina atafunsa Mtumiki ngati amange ngamira yake kapena aisiye ndi kuyedzamira kwa Allah, adalangizidwa kuti aimange kaye kenako ayedzamire. Ngamira yathu ndi kalendala. Khalani ndi kope lolembamo tsiku lililonse lotuluka ndi lolowa. Sungani matikiti, makalata a malipiro, a nyumba ndi a msonkho. Nkhani ya Windrush, imene idaphulika mu 2018, idaonetsa anthu ochokera ku Caribbean amene adakhala kuno movomerezeka zaka makumi angapo akuvutitsidwa chifukwa chosowa mapepala, ndipo ena adakanizidwa kubwerera atapita kwawo kukacheza kapena kumaliro. Kulakwa kudali kwa boma, koma phunziro ndi lathu tonse.

Mawu apadera kwa alongo athu amene amuna awo amwalira. Idda ya mayi wamasiye ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, monga zilili mu Surat Al-Baqara, ndiko kuti masiku pafupifupi 130. Mayi amene waperekeza thupi kumudzi n'kukhala idda yonse kumeneko wadya gawo lalikulu la masiku 180, ndipo ngati viza yake idatsamira pa malemuyo, nkhani yake imafuna wodziwa malamulo mwachangu. Maulama ambiri amaphunzitsa kuti malo a idda ndi nyumba imene ankakhala ndi mwamuna wake, ndipo kwa ambiri a inu nyumba imeneyo ili kuno. Achibale asamuumirize mayi wotere mwa chizolowezi chabe; afunse masheikh, afunsenso loya, kuti ana amasiye asataye bambo ndi pokhala pomwe m'chaka chimodzi.

Pa za makolo odwala, tigawane mtolo. Ngati muli ana anayi, si bwino kuti mmodzi akhale chaka chonse mpaka chilolezo chake chife pamene enawo akungotumiza moni. Wina apite miyezi iwiri, wina amulandire, wina atumize ndalama za mankhwala ndi za wosamalira. Mayi amene mukuwasamalira lero adzafunabe thandizo chaka chamawa, ndipo thandizolo likuchokera ku ntchito imene muli nayo kuno.

Amene akufuna kudzakhala kumudzi nthawi yaitali mopanda nkhawa aganizire za unzika, chifukwa nzika ya Britain sitaya unzika kaamba kokhalitsa kunja. Kawirikawiri amafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo chokhazikika kwa miyezi 12, asakhale kunja masiku opitirira 450 m'zaka 5 zapitazo, ndiponso asapitirire masiku 90 m'chaka chomaliza. Kale ambiri ankaopa kutaya Umalawi wawo, koma mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza kusintha lamulo kuti munthu athe kukhala nzika ya mayiko awiri.

Malamulo amenewa amasintha kawirikawiri. Mu 2025 boma la Britain lidalengeza maganizo otalikitsa nthawi yodikira kukhazikika kuchoka pa zaka 5 kufika pa 10, ndipo mitundu ina ya viza ili ndi kawerengedwe kakekake. Safunsa adadya phula. Koma funsani oyenera: loya wovomerezeka, kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority. Uthenga wongotumizirana pa WhatsApp usakhale mufti wanu pa nkhani imene ikukhudza tsogolo la ana anu. Ndipo amene akudziwa kuwerenga mapepalawa athandize achikulire athu. Imeneyonso ndi sadaka.

E Allah, chiritsani odwala athu kuno ndi kumudzi. Khululukirani makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Tetezani amene ali pa ulendo ndi kuwabweza kwa mabanja awo mwamtendere. Tipangeni kukhala anthu osunga mapangano, ndipo dalitsani riziki lathu likhale la halali. Amin.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.