GRANT MARSH, WOYENDETSA SITIMA ZA PAMTSINJE



Lero ndikuuzani za munthu wina wa ku Amereka, dzina lace Grant Marsh, amene anali kuyendetsa sitima za moto pa mtsinje wa Missouri. Iye anabadwa m'caka ca 1834, ndipo ali ndi zaka 12 zokha analowa nchito yotumikira m'sitima. Anakwera pang'ono-pang'ono, kufikira m'caka ca 1866 pamene anakhala kaputeni wa sitima dzina lace Luella.

Missouri ndiwo mtsinje wonyenga. Madzi ace ngamatope, mcenga wace umasuntha, ndipo pamene panali pakuya dzulo, lero pangakhale posaya. Pansi pamabisala mitengo yomira imene ikhoza kuboola sitima. Cifukwa cace woyendetsa anayenera kuzindikira zobisikazo poona timafunde ta pamwamba. Munthu wina anali kuima kutsogolo ndi mtengo wautali, namayesa kuya kwa madzi, monga momwe inu a pansi mumagogodera mwala wa pamwamba musanayambe nchito. Kukada, sitima zambiri anali kuzimanga pagombe kufikira m'mawa.

Nzeru zonsezi zinayesedwa m'caka ca 1876. Pa 25 June, asilikari a Boma otsogozedwa ndi George Custer anagonjetsedwa pa mtsinje wa Little Bighorn ndi anthu a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne, amene anali kuteteza dziko lao. Marsh anali pafupi ndi sitima yace, Far West, yonyamula katundu wa asilikari. Anthu olasidwa ngati 50 anawakweza m'menemo, nawagoneka pa udzu umene anayala pansi.

Tsono taganizani bvuto lace. Thandizo leni-leni linali ku Fort Abraham Lincoln, pafupi ndi mzinda wa Bismarck, mtunda wa mamailosi 710. Akayenda pang'ono-pang'ono, odwala adzafera m'njira. Akathamanga, sitima ingagunde mtengo ndi kumiza onse. Marsh anasankha kuthamanga, usana ndi usiku womwe. Anayamba ulendowo pa 3 July, natsika mtsinje wa Yellowstone, nalowa m'Missouri, ndipo usiku wa pa 5 July anafika ku Bismarck, sitima iri yosaonongeka. Ulendo wonse unatenga maora 54.

Ena angati unali mwai cabe. Koma kumbukirani kuti munthuyu anali atakhala pa mitsinje zaka 30, kuyambira pa nchito yonyozeka ya mnyamata wotumikira. Cimene anaphunzira mosafulumira ndico cinamlola kufulumira pa tsiku la tsoka. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Marsh anamwalira ku Bismarck m'caka ca 1916. Inu anyamata amene mwangoyamba nchito, ndipo mukuona ngati akucedwa kukukwezani, musanyoze zimene mukuphunzira lero. Tsiku lina moyo wa anzanu udzakhala m'manja mwanu.

Tsalani bwino nonse.