Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekulira Chionetsero cha Zojambula za Ophunzira



Ana athu, poyendera ntchito zanu ndaona kuti ambiri mwajambula mtsuko, nkhuku kapena nkhope ya munthu mmodzi, ndipo mwachita bwino. Koma ndi owerengeka amene alimba mtima kujambula tsiku la msika, pamene anthu ali piringupiringu, njinga zikupingasana ndi ngolo, ndipo diso lisowa potera. Mantha otere achokera m'kufuna kugwira zonse kamodzi, pamene makolo anatichenjeza kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Leonardo da Vinci, pojambula Mgonero wa Ambuye pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Santa Maria delle Grazie mumzinda wa Milan, pakati pa 1495 ndi 1498, ngakhale khomalo linafuna chithunzi cha mamita pafupifupi 9 m'litali ndi anthu 13 pagome limodzi, sanawabalalitse monga khamu, koma anaika Ambuye pakati, nagawa ophunzira khumi ndi awiri aja m'magulu anayi a atatuatatu, nalozetsa mizere ya denga ndi makoma pamutu pa Ambuye, kotero kuti woona, ngakhale asadziwe chifukwa chake, maso ake amayambira pomwepo.

Inunso chitani chomwecho. Boolani zenera pakatoni, muyang'anire msika m'menemo, ndipo chimene chatsala kunja chisakuvuteni. Lembani mzere umodzi wopingasa, wolingana ndi maso anu. Ngati mwaimirira pamalo athyathyathya, mudzapeza kuti mitu ya akulu onse oimirira, apafupi ndi akutali omwe, ili pafupi ndi mzerewo, ndipo ndi mapazi okha amene amakwera pepala munthu akamatalikira. Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, yesani msinkhu wa munthu mmodzi ndi chala chachikulu papensulo, ndipo muyeso umenewo ukhale wa denga, mtengo ndi ngolo. Pambuyo pake phatikizani mithunzi ikuluikulu, gulu la amayi ogulitsa tomato likhale chinthu chimodzi; maluwa a pachitenje adze potsiriza, pa anthu awiri kapena atatu apafupi basi. Ngakhale Namalenga anayamba walekanitsa kuunika ndi mdima, mtunda ndi nyanja, asanalenge mbalame ndi zokwawa.

Makolo anzanga, mwana akakhala pansi pa mtengo ndi pepala tsiku lonse musamuyese waulesi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mugulireni pensulo. Ndipo inu aphunzitsi, atulutseni m'kalasi, akajambule kumsika, kudoko ndi kudziwe ng'ombe zikamamwa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsekulidwa.