MWANA WAMANTHA NDI KAPUMIDWE KAKE

Nkhani yokambidwa kwa alezi ndi makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mlezi aliyense wa sukulu ya mkombaphala, kuyambira ku Mitundu kufikira ku Nathenje, amdziwa bwino mwana uja amene amalira osatonthola amake akangotembenuka kubwerera kumudzi. Amdziwanso uja amene amanjenjemera mvula ikayamba kugunda. Kawirikawiri ana otere amakalipiridwa, kapena kuopsezedwa kuti kubwera fisi. Koma mwana amene wauzidwa za fisi mantha ake amangochuluka.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya kaleredwe ka ana aang'ono m'chaka cha 2003, ndipo sukulu zambiri za m'midzi zimayendetsedwa ndi eni mudzi, alezi ake ambiri ongodzipereka. Tsono nkwabwino kuti njira imene ikambidwa pano siilira ndalama.

Mwana akachita mantha mtima wake umagunda msanga, ndipo amapuma mwabefu, mpweya nungothera pachifuwa. Thupi limakonzekera kuthawa ngakhale palibe chomthamangitsa. Koma akakoka mpweya kufikira m'mimba ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, mtima umabwerera m'malo mwake. Potulutsa mpamene pali mankhwala: kutulutsa kutalike kuposa kukoka.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 sangamve zonsezi pomuuza ndi pakamwa. Aphunzitsidwe mwa masewero. Mlezi agoneke ana chagada pamphasa, naike chitsononkho pamimba pa yense. Ana akoke mpweya ndi mphuno, aone chitsononkho chikukwera, kenaka atulutse ndi pakamwa, achione chikutsika. Tsiku loyamba adzaseka, zitsononkho ndi kugubuduka. Palibe kanthu, aseke.

Njira ina ndiyo ya phala, imene mwana aliyense aidziwa kale. Akunge manja monga mbale, anunkhize phala ndi mphuno, ndipo aliuzire mofatsa kuti lizizire, osati mwamphamvu ngati wokoleza moto. Kanayi kapena kasanu nkokwanira, pakuti kupuma kwambiri mothamanga kumadzetsa chizungulire.

Alezi ena amalakwa poyamba kuphunzitsa mwana ali pakati pa kulira. Nthawi yophunzira ndi m'mawa uliwonse ana ali okondwa, kuti tsiku la mantha mlezi angoti, “Bwera mwanawe, tiuzire phala,” iye mwini atagwada pafupi ndi kupuma naye pamodzi. Mlezi wokwiya ayambe wapuma yekha.

Koma makolo achenjere. Si kupuma msanga kulikonse kumene kuli kwa mantha. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 amene akutsokomola, napuma ka 40 kapena kuposapo pa mphindi imodzi ali chikhalire, kapena nthiti zake zikulowa m'kati, angakhale ndi chibayo. Ameneyo asachedwetsedwe ndi masewero. Apite naye tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo, kapena ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje.

Kupuma sikuthetsanso njala, ngakhale ndeu za pakhomo. Ngati mwana afika wamantha masiku onse, kapena ali ndi zipsera za mkwapulo, mlezi akambe ndi makolo ndiponso komiti ya sukulu. Zikapitirira, nkhaniyo ifike kwa anyakwawa ndi kwa alangizi oteteza ana, kapena aimbe lamya yaulere pa nambala 116.