Tambala mmodzi, khola lamdima

Nyumba zathu pano zathithikana, khola la uyu lili pansi pa zenera la kuchipinda kwa uja, ndipo dandaulo la atambala olira usiku lafika mpaka pabwalo lino. Ndiyambe ndi chimene ambiri safuna kumva: tambala simungamuletse kulira. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Nagoya ku Japan adatsekera atambala m'chipinda chowala pang'ono mosasintha, usana ndi usiku, koma nthawi yake ikakwana ankalirabe, chifukwa chomudzutsa chili m'thupi mwake momwemo. Nchifukwa chake ndikukaniza za kumumanga mphira kapena chingwe pakhosi. Amavutika kumeza, amabanika, ena amafa, pomwe chilakolako cholira chikadalipo. Imeneyo ndi nkhanza basi.

Chimene tingathe ndi kuchepetsa zomuputa. Akatswiri omwewo adaona kuti kuwala komanso kulira kwa mnzake kumamuchititsa kulira mowonjezera, ndipo mu 2015 adapeza kuti wamphamvu pagulu ndiye amayamba, enawo nkumatsatira malinga ndi mphamvu zawo. Ndiye pakhomo pali atambala asanu, pakhomo lina anayi, akayambana salekezana. Komatu tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Otsalawo amangotha madeya, kumenyana mpaka lipombo kutuluka magazi, ndi kusosola nthenga pamsana pa mathadzi. Akangoyamba kuyesa mawu, agulitseni kapena aphikeni.

Wina anena kuti thadzi siliikira popanda tambala. Limaikira ndithu. Tambala amafunika pokhapokha mukufuna mazira oti aswe anapiye, ndipo ngakhale pamenepo thadzi likakweredwa limasunga mbewu m'thupi pafupifupi milungu iwiri. Choncho makomo atatu kapena anayi oyandikana angathe kugwirizana pa tambala mmodzi wabwino, nkumamusintha chaka ndi chaka kuti asamakwere ana ake. Amene akuopa kuti tambala woyendayenda abweretsa chitopa akunena zoona, sindiwatsutsa. Koma pano nkhuku zathu zimasakanikirana kale kudzala ndi kuchitsime tsiku lililonse. Chotiteteza ndi katemera wa I-2 wodontheza m'diso, nkhuku zonse za makomo onsewo, miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Tsopano khola. Tambala wogona mumtengo wa mango amaona babu la pakhonde, nyale za galimoto, ngakhale tochi ya munthu wopita kuchimbudzi, ndipo mawu ake ali pamwamba amafika kutali. Mugonekeni m'khola la njerwa kapena lomata bwino, khomo liloze kumbali kopanda zenera la mnzanu, ndipo mipata yoloza ku magetsi muitseke. Mutsekulireni dzuwa litatuluka. Kulira alirabe, koma mawu amathera m'zipupa, ndipo kulira kwa pakati pa usiku kumachepa. Ena muti nkhuku zibanika ndi kutentha, makamaka mu Okutobala. Nkhawayo ndi yomveka, koma mdima sikutseka mpweya ayi. Siyani mpata m'munsi mwa denga mbali ziwiri, muikepo waya wa sefa, udzu kapena malata atsikire pang'ono kuphimba kuwala, ndipo zitosi muzisesa pafupipafupi kuti fungo lisazipweteke maso. Amene muli ndi makola kale, tiyambe kuyendera anuwo tikangomaliza pano.