Mau Onena za Nyumba ya Oak Alley ndi Manja Amene Anaimanga

Abale ndi alongo, tcherani khutu, ndikusimbireni za nyumba ina yakale ya ku Louisiana, m'dziko la Amereka, imene iima m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi. Dzina lake ndilo Oak Alley, pakuti njira yochokera kumtsinje ipita pakati pa mitengo ya thundu 28 yoima m'mizere iwiri, nthambi zake zokomana pamwamba ngati tsindwi.

Mwini wake, Jacques Roman, mlimi wa nzimbe, anayamba kumangitsa mu 1837, ndipo ntchito inatha mu 1839. Mbali zake zinayi nzolingana. Khonde lizungulira ponse, lochirikizidwa ndi nsanamira 28 zonga za akachisi a Agriki, monga mwa kuwerenga kwa mitengo ija. Dzikolo nlotentha, chifukwa chake amisiri anakweza denga, nakuza mazenera, nasiya mpita pakati pa nyumba kuti mphepo ya kumtsinje ipyole. Makoma ndi nsanamira nza njerwa, koma anazimata ndi njereza kuti zioneke ngati mwala wa mtengo wapatali.

Koma taonani, amene anaumba njerwazo, nadula nzimbe zolipira zonsezi, anali akapolo akuda, ogona m'timanyumba ta matabwa kuseri. Mmodzi wa iwo, wosamala munda, timdziwa ndi dzina limodzi lokha, Antoine. Mu 1846 iye anakhoza kumezanitsa mitengo ya mtedza wotchedwa pecan, luso limene ena analilephera. Mtedza wa mitengo yake unatamandidwa pa chionetsero cha ku Philadelphia mu 1876, nutchedwa Centennial. Dzina la womezanitsa sanaliike pa mtedzawo.

Roman anamwalira mu 1848. Ukapolo unatha mu 1865, ndipo mu 1866 mundawo unagulitsidwa chifukwa cha ngongole. Nyumba inayamba kuonongeka, kufikira Andrew ndi Josephine Stewart anaigula mu 1925 naikonzanso. Lero alendo aloledwa kuiona, ndipo maina a akapolo ake alembedwa poyera kuti awerengedwe.

Tsono, abale, pamene muima pa nyumba yokongola, nimufunsa kuti, "Mwini wake ndani?" funsaninso kuti, "Anaponda dothi ndani, ndipo analandira chiyani?" Njerwa sinena, koma isunga zala za woiumba.