Mabuku Amene Anasunga Mawu a Makolo Athu



Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndinaphunzitsako pa sukulu ina ya pulaimale. Tsiku lina tikusesa m'chipinda chosungiramo katundu tinapeza bokosi la mabuku akale, ndipo titalitsegula tinaona kuti chiswe chinali chitadya kale theka lake. Pamwamba penipeni panali buku lopanda chikuto, koma pa tsamba lotsala panaonekabe dzina lakuti Ntara. Usiku uno ndifuna tikambirane za mabuku otere, ndiwo mabuku a mbiri, chipembedzo ndi miyambo, ndi za anthu amene anavutika kuwalemba.

Tiyambe ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anatumikira ku Unangu, m'dziko la Mozambique. Buku lake lotchedwa Chiikala cha Wayao linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, ndipo amene analimasulira anali Meredith Sanderson. M'bukumo muli nkhani ya phiri lotchedwa Yao kumene mtunduwu unachokera, nkhani ya amisiri osula zitsulo, ya maulendo a malonda opita ku gombe la nyanja yamchere, ndiponso ya ufumu wa Mataka ku Mwembe. Papita zaka zoposa 100 tsopano, koma aliyense wofufuza mbiri ya Ayao amayambabe ndi buku limeneli.

Kumpoto kunali M'busa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni. Iye analemba Midauko m'Chitumbuka, ndipo buku lake la mbiri ya Angoni linatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi dzina lakuti My Ngoni of Nyasaland. Limasimba za ulendo wautali wa Angoni a Zwangendaba kuchokera kumwera kwa Africa. Pa ulendo umenewu pali chinthu chimodzi chotiphunzitsa kuti mawu a nkhalamba si nthano chabe. Akuluakulu a Angoni ankanena kuti tsiku limene anaoloka mtsinje wa Zambezi dzuwa linada usana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kuti m'dera limenelo munalidi kadamsana m'mwezi wa November 1835. Chimene nkhalamba zinasunga pamtima chinagwirizana ndi masamu a anthu ophunzira, ndipo lero tikudziwa chaka chimene Angoniwo anaoloka.

Wachitatu ndi Samuel Josia Ntara, amene anabadwa mu 1905 nakhala mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Ambiri amamudziwa chifukwa cha Nthondo, buku lopeka limene linapata mphotho pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933. Koma ntchito yake yaikulu pa nkhani yathu ino ndi Mbiri ya Achewa, imene inayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1940. Ntara anasonkhanitsa zimene mafumu ndi nkhalamba za m'midzi zinkakumbukira za ulendo wochokera ku Uluwa, za ufumu wa Kalonga, za Undi amene anapatuka nalowera kumadzulo, ndi za Makewana ndi kachisi wa mvula wa ku Msinja. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi, litamasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndipo Harry Langworthy anaonjezamo ndemanga. Motero buku limene linalembedwera ana a sukulu ndi anthu a m'midzi linafika m'manja mwa ophunzira a m'mayunivesite a kunja.

Pa za miyambo tisaiwale Maliro ndi Miyambo ya Achewa la Archibald Makumbi, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, kapenanso Mbiri ya Amang'anja la E. W. Chafulumira. Pa za chipembedzo ambiri a ife timadziwa Buku Lopatulika la mu 1922, limene lasula chinenero chathu kuposa buku lina lililonse. Koma chipembedzo cha makolo nachonso chili ndi mabuku ake. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire akufufuza za Mbona ndi kachisi wake wa ku Khulubvi, m'boma la Nsanje. M'buku lake la mu 1992, River of Blood, anaika pamodzi nkhani zingapo za Mbona monga anazisimbira anthu osiyanasiyana, naziyerekeza ndi zolemba zakale za Apwitikizi. Sanasankhe imodzi nkutaya zinazo, popeza kusiyana kwakeko ndiko kunamuonetsa mmene mbiri imasinthira ufumu ukasintha.

Apa mpamene pali chenjezo kwa ife owerenga. Buku si mulungu. Mfumu ikamasimba mbiri imakweza mbumba yake, ndipo wolemba amalemba zimene wamva kwa iwo amene anawafunsa. Komanso Abdallah, Chibambo ndi Ntara onse anali anthu a mishoni, pa nthawi imene mishoni zinkatsutsa miyambo yambiri ya makolo. Gule wamkulu amene ankaletsedwa kwa Akhristu masiku amenewo ndi yemweyo amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a pa dziko lonse. Choncho powerenga tidzifunse kuti, analemba ndani, anafunsa yani, ndipo analembera yani? Kufunsa kotere si kunyoza olembawo ai. Popanda iwo sitikadakhala ndi poyambira.

Nanga ife tichitepo chiyani? Choyamba, mabuku amenewa afunidwe. Funsani ku nyumba za mabuku za National Library Service, funsani abusa ndi aphunzitsi opuma pa ntchito. Ngati muli nalo m'nyumba, lichotseni pansi, muliike pouma pamene chiswe sichifika, ndipo madzulo muwawerengereko ana. Chachiwiri, ntchito imene anayamba anthu awa sinathe. M'mudzi mwanu muli agogo amene akudziwa kumene mbumba yanu inachokera, ndi chifukwa chake dambo lakwanulo lili ndi dzina limene lili nalo. Tengani kope ndi pensulo mukakhale nawo pansi. Lembani dzina la wosimbayo, mudzi wake ndi tsiku, ndipo lembani mawu ake monga awanenera, osawakonza kuti afanane ndi za m'buku. Musafunse amuna okha, pakuti kwa Achewa, Ayao ndi Amang'anja mtundu umatsata kwa mayi, ndipo zambiri za mbumba zili ndi amayi achikulire.

Akale anati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Koma amakoma pokhapokha ngati wina anawasunga. Musadikire chaka chamawa, popeza sitidziwa ngati agogowo tidzawapezanso.